Kaphunzitsidwe ka njira zolowera pansi pa chigaza kwa madotolo a ubongo

Ophunzira ambiri anatomy amaidziwa ndithu, ukawafunsa ma cranial nerve onse 12 (mitsempha ya mauthenga yotuluka mu ubongo, yomwe imatchulidwanso ndi manambala) akutchulira osapumira, koma ingopendeketsani mutu wa mtembo muwapatse maikulosikopu, basi asokonekera. Sizodabwitsa, m'buku chigaza chimakhala chotsegula pamwamba ubongo atauchotsa, pomwe ku fiyeta munthu amasuzumira pa kabowo, ubongo uli pomwepo ndipo sufuna kukankhidwa. Ndiye chomwe mukuphunzitsa ndi zomwe dotolo azikumana nazo motsatana akamalowa, kuyambira pakhungu mpaka pomwe pali chotupa.

Tsiku loyamba chigaza chouma basi. Aliyense achigwire, alowetse kawaya m'timabowo ta pansi pa chigazacho, mu foramen ovale, mu foramen spinosum, mu jugular foramen, aone komwe katulukira. Musachedwepo apa.

Nthawi yambiri ithere pa mutu wa mtembo, makamaka wopopera silicone, yofiira m'mitsempha yopititsa magazi ku ubongo, yabuluu mu yobweza magazi, monga ankachitira Albert Rhoton mu labu yake ku University of Florida. Koma chonde muumange mu chopanira ngati momwe mumamangira wodwala, kupendekeka kwake komweko, osati kumautembenuza m'manja ngati mpira, chifukwa tsiku la opaleshoni wodwala simudzamutembenuza choncho. Ophunzira awiri pa mutu umodzi zimakhala bwino, akachuluka ena amangoonerera.

Ine ndimayamba ndi njira ya pterional, yolowera m'mbali mwa mutu chakutsogolo kwa khutu, ija anaitchukitsa Gazi Yaşargil ku Zurich. Asanafike n'komwe pafupa awonetseni kanthambi ka facial nerve kopita pachipumi, kaja kakaduka wodwala amalephera kukweza nsidze. Akatsegula fupa aimitseni kaye, ayang'ane mu maikulosikopu sphenoid wing (mbali ya fupa kuseri kwa diso) isanapalidwe, kenako aipale ndi drill mpaka isalale, ayang'anenso. Akatsegula dura (chikopa chokuta ubongo) ndi Sylvian fissure (mpata wa m'mbali mwa ubongo), optic nerve (mtsempha wa diso) ndi carotid (mtsempha waukulu wopititsa magazi ku ubongo) zimaoneka popanda kupanikiza ubongo, ndipo apa m'pomwe ambiri amamvetsa okha chifukwa chomwe timavutikira kuchotsa fupa lonselo.

Ikatha iyi pitani kuseri kwa khutu, retrosigmoid. Ambiri amabwera ataloweza kuti asterion (pokumana mafupa atatu a chigaza kuseri kwa khutu) ndi pomwe transverse sinus imakumana ndi sigmoid sinus, njira zikuluzikulu zobweza magazi, asiyeni abowole pa mitu ingapo aone okha kuti imasinthasintha. Mkati awerenge ma cranial nerve kuchokera pamwamba, trigeminal (wa nambala 5), kenako 7 ndi 8 zikulowera limodzi mu internal acoustic meatus, kabowo kolowera ku khutu lamkati, munsi 9, 10 ndi 11.

Njira ya Kawase, yopala nsonga ya fupa lomwe muli khutu lamkati, ija anaifotokoza Takeshi Kawase mu 1985, isungeni mpaka manja atazolowera drill. Malo ake ndi ochepa kwambiri, carotid ili pafupi, cochlea, kachiwalo komvera ka m'khutu lamkati, nayo ili pomwepo. Apa ndimachita zomwe ena sagwirizana nazo, akamaliza kupala bwinobwino ndimawauza apitirize dala mpaka atsegule cochlea, aone mtunda wochepa womwe unatsala kuti munthu agonthe khutu limenelo. Mu labu mokha m'momwe angazione popanda kupweteka wina aliyense.

Yolowera m'mphuno ndi endoscope (kachubu kokhala ndi kamera) ipatseni masiku akeake chifukwa pa sikirini kuya sikuoneka bwino, wozolowera maikulosikopu amayambanso ngati mwana. Apeze sphenoid sinus (mphako ya m'fupa kuseri kwa mphuno), sella (kadzenje ka fupa momwe mumakhala pituitary gland), ndi timatupi ta carotid mbali zonse ziwiri. Ndipo cavernous sinus, njira yobweza magazi ya m'mbali mwa sella, aione kawiri, kuchokera m'mphuno komanso kuchokera m'mbali, kuti zikhazikike zoti ma nerve 3, 4, V1 ndi V2 (nthambi ziwiri zoyamba za trigeminal) zimadutsa m'khoma lake pomwe 6 ili mkati, moyandikana ndi carotid.

Ngati zingatheke jambulani CT ya mutu womwewo musanayambe, izikhala pa sikirini pambali. Ndipo asanayatse drill pena paliponse wophunzira azinena mokweza chomwe chili kuseri kwa fupa akufuna kupalalo, akalephera azimitse, abwerere ku chigaza chouma chija akachiyang'anenso.