Kupanga webusaiti ya otsogolera alendo ku Likhubula ndi Hugo

Mwafunsa mmene mungapangire webusaiti yopepuka yoonetsa maulendo okwera phiri la Mulanje. Hugo, pulogalamu yopangira mawebusaiti, ndi yokwanira: ndi yaulere, ndipo masamba ake amatseguka msanga ngakhale netiweki ikuvuta.

Zofunika musanayambe: kompyuta yoikidwa kale Hugo ndi Git (pulogalamu yosungira ndi kukoperera mafayilo a ntchito), komanso bandulo pang'ono.

1. Mu terminal (polembera malamulo pakompyuta) lembani `hugo new site likhubula`, kenako `cd likhubula`.
2. Koperani theme (maonekedwe a webusaiti opangidwa kale), monga Ananke, m'foda ya themes. Mu hugo.toml onjezani `theme = 'ananke'`.
3. Lembani `hugo new content posts/sapitwa.md`. M'fayiloyo fotokozani ulendo wa ku Sapitwa, nsonga yayitali kwambiri ya phiri la Mulanje, ya mamita 3,002. Zithunzi za m'foni zichepetseni kaye, zingamalize bandulo ya owerenga.
4. Lembani `hugo server -D`, muone webusaitiyo potsegula localhost:1313 mu browser.
5. Ambiri amakodwa apa. Pamwamba pa fayilo yatsopano pamakhala `draft = true`, kutanthauza kuti tsambalo silinamalizidwe. Pakompyuta panu tsambalo lioneka bwinobwino chifukwa cha -D uja, koma pa intaneti silidzatuluka. Sinthani kukhala `false`.
6. Ikani adiresi yanu yeniyeni pa baseURL mu hugo.toml, lembani `hugo`, mukweze za m'foda ya public ku GitHub Pages kapena Netlify, malo osungira mawebusaiti pa intaneti.