Momwe mungachulukitsire plumbago kuti agulugufe azibwera pakhomo

Mwina munachionapo m'mipanda ya nyumba za m'tauni, chitsamba cha timaluwa ta buluu wotuwirako tomera m'magulumagulu. Ana amakonda kutithyola n'kutimata kumakutu, amvekere ndi ndolo, chifukwa kunsi kwa duwa lake kumanata. Chitsambachi ndi plumbago, akatswiri amati Plumbago auriculata, ndipo kwawo ndi ku South Africa, makamaka ku Eastern Cape ndi KwaZulu-Natal. Agulugufe amachikonda chifukwa cha timadzi totsekemera ta m'maluwa ake, ndipo tiagulugufe tina tating'ono ta buluu timaikira mazira pomwepo. Chikakhazikika chimapirira ng'amba.

Palibe chifukwa chogulira mbande zambiri ku nazale. Chitsamba chimodzi cha mnansi wanu chikhoza kukupatsani mpanda wonse, bola mupemphe kudulako nthambi zoti mumeretse.

Yambani ntchitoyi mu Seputembala kapena Okutobala kuti mvula ikamadzakhazikika mbande zikhale zitakula. Konzani kaye machubu. Sakanizani mchenga wa kumtsinje ndi dothi la manyowa owolerana bwino, muyezo wofanana, ndipo onetsetsani kuti chubu chilichonse ndi choboola kunsi. Dothi la makande lokhalokha musaliyese, limasunga madzi n'kuoletsa nthambi. Thirirani machubuwo dzulo lake.

Kudula kuchitike m'mawa dzuwa lisanatenthe. Apa ndiye pagona nkhani yonse, pakusankha nthambi. Yanthete ya kunsonga imafota msanga, pomwe yokalamba yolimba gwa imachedwa kutulutsa mizu. Funani yapakati, yomera chaka chomwechi, yoyamba kukhwima koma yopindika mukaikhotetsa, ndipo ikhale yopanda maluwa. Idulireni pa masentimita 10 mpaka 15 ndi lezala kapena mpeni wakuthwa wotsukidwa bwino. Dulani kunsi pang'ono kwa mfundo, pomwe tsamba limatulukira, pakuti mizu imayambira pamenepo. Mpeni wobuntha umaphwanya nthambi ndipo bala lotere limaola. Utomoni wa plumbago umayabwa ena pakhungu, choncho valani magolovesi kapena sambani m'manja mukatha.

Sadzulani masamba onse a m'munsi, musiye awiri kapena atatu okha kunsonga. Ngati muli ndi mankhwala a ufa othandiza kumeretsa mizu, viikanimo kunsi kwa nthambiyo, koma plumbago amagwira ngakhale popanda mankhwalawo. Boolani dothi ndi kamtengo, lowetsani nthambi mpaka mfundo ziwiri zikwiririke, kenaka tsenderani ndi zala. Monga muchitira pobzala chinangwa, samalani kuti mutu usayang'ane pansi. Dulani nthambi zambiri kuposa zomwe mukufuna chifukwa si zonse zimagwira.

Ikani machubu pamthunzi, pansi pa mtengo kapena pa chisakasa cha udzu. Kutentha kwa Okutobala kumaumitsa nthambi yopanda mizu msangamsanga, ndiye vindikirani chubu chilichonse ndi botolo la pulasitiki loonekera mkati lodula kunsi, chitsekerero mutachotsa kuti mpweya uzilowa. Dothi likhale lachinyontho basi. Anthu ambiri amapha mbande ndi chikondi cha madzi: akaona tsamba lafota amathiranso, pomwe nthambi ikuola kale pansi. Pisani chala m'dothi, ngati muli chinyezi, kheni ibwerere.

Pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi mudzaona timasamba tatsopano. Musazule kuti muone mizu. Kokani pang'ono chabe, ikakana ndiye kuti yagwira. Chotsani botolo lija ndipo muziwonjezera dzuwa pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena awiri.

Okerani m'munda mvula ikakhazikika, pamalo owomba dzuwa, motalikirana pafupifupi mita imodzi ngati mukufuna mpanda. Pamthunzi wambiri maluwa amachepa. Tsinani kunsonga kuti chiphukire nthambi zambiri, ndipo chikakula muzichidulira chikamaliza kuchita maluwa, chifukwa maluwa amabwera pa nthambi zatsopano.

Ena angakuuzeni kuti mungobzala lantana poti nayenso amaitana agulugufe. Ine sindingakulimbikitseni. Lantana amafalikira m'tchire mosalamulirika kudzera mu mbalame zodya zipatso zake, ndipo masamba ake ndi poizoni kwa ng'ombe.

Mukaona timbozi pa plumbago wanu musathamangire kupopera mankhwala. Timbozito ndi agulugufe omwe mukuwafunawo, ndipo zomwe timadya sizilepheretsa chitsamba kukula.