Momwe mungadzutsire njinga yakale ya Humber kapena Raleigh yomwe yangogona pakhomo

Ngati kwanu kuli njinga yakuda yaitali ija, ya mabuleki a tizitsulo osati a waya, yomwe agogo anabwera nayo kuchokera ku Joni kapena ku Halale, ndiye pano yangotsamira khoma kuseri kwa matumba a chimanga, chonde musaipereke kwa ogula zitsulo aja. Njinga zimenezi zikusowa. Ine ndadzutsa Humber ya agogo anga aamuna yomwe inakhala zaka zambirimbiri osayenda, ndipo kukwera kwake nkwina abale, umakhala chilili ngati uli pampando wa ndalema, mahandulo amakhotera kwa iwe, msana osapweteka ngati pa timauntenibayiki ta masiku ano tija.

Poyamba dziwani kaye kuti muli ndi chani. Pukutani giya yaikulu yapamapedulo ija muione bwino. Ya Humber imakhala ndi tianthu togwirana manja mozungulira, ya Raleigh imakhala ndi mitu ya mbalame yonga kakowa, ya Rudge imakhala ndi chikhatho. Humber zambiri foloko yake imakhalanso ya timapaipi tiwiri mbali iliyonse. Musadabwe kuti zida zake zikufanana, kampani ya Raleigh ya ku Nottingham inagula njinga za Humber mu 1932, Rudge mu 1943, ndiye kuyambira pamenepo zinkatuluka khomo limodzi. Ikakhala ya magiya atatu, pukutani habu yakumbuyo, chitsulo chonenepa chapakati pa tayala chija, pamalembedwa Sturmey-Archer ndi manambala awiri, chaka ndi mwezi. Mukaona 58 ndi 4 ndiye kuti April 1958. Ngati mukuchita kugula samalani, ndinaonapo munthu wina atapenta Phoenix, nkumata kabaji ka Raleigh kutsogolo, nkumatchula mtengo wokwera mopanda manyazi. Phoenix ndi Hero ndi njinga zabwino, akabaza amadalira zomwezo, koma si mtengo umenewo.

Kenako jambulani ndi foni paliponse musanamasule kanthu, makamaka tizitsulo ta mabuleki pansi pa mahandulo chifukwa pobwezera timasokoneza. Pezani zitini zingapo zoikamo manati, ndi botolo la palafini. Thirani palafini wosakaniza ndi oyilo pang'ono pa nati iliyonse, muisiye masiku awiri atatu. Manati ake ndi a muyezo wakale wachingerezi wa Whitworth, masipanala athu a mamilimita amaterereka nkudya ngodya, bola shifiting'i yabwino yomangitsa. Chotsani matayala, tcheni, kaliya, madigadi, zimenezi aliyense amadziwa.

Tsopano kotapini. Apa mpomwe ndinalakwitsa ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Kotapini ndi kachitsulo kaja kamapyoza kiranki, chitsulo chachitali chogwira pedulo chija, nkuimanga ku akiselo yapakati, mbali imodzi kali ndi nati, mbali inayo mutu wosalala. Ine ndinachotseratu nati yonse, nkutenga hamala nkuyamba kumenya pamazinga pomwepo, pang'onopang'ono poopa kuononga, njinga itangotsamira mtengo wa mango. Kumenya kochepa kochepa kuja nkomwe kumaononga, kansongako kanayamba kuphwatalala ngati bowa, kenako kanapindikira mbali, kotapini osasuntha olo pang'ono. Ndinamenyabe mpaka kanathyoka, kutsala kachidutswa mkati mopanda pogwira. Ndinatha Loweruka lonse ndikuboola ndi dirilo yobwereka, ndipo nditatsegula mkati ndinapeza timipira ta beringi tadinda timaenje mu kapu, kambale kachitsulo momwe timipirato timazunguliramo, chifukwa mphamvu yonse ya hamala imathera mmenemo. Kapu ya 1958 yomwe inapirira misewu yafumbi zaka zonsezo ndinaiononga ine tsiku limodzi. Nati yake inali yoyambirira, inapulumuka, koma kotapiniyo ayi.

Njira yake ndi iyi. Masulani nati koma osaichotsa, ifike pofanana ndi nsonga ya kotapini kuti iteteze mazinga. Pezani paipi yachitsulo yaifupi, muiimike pa simenti, kiranki itsamire pakamwa pa paipiyo mutu wa kotapini uli mkati mwa bowo, kuti mukamenya mphamvu ipite pansi osati mu beringi. Wina agwire njinga. Ndiye menyani kamodzi mwamphamvu, ndi hamala yolemera, molunjika. Ikapanda kusuntha kawiri katatu siyani, thiraninso oyilo, mubwerenso mawa. Njira ina yabwino kuposa pamenepo ndi vayisi, pitani kwa owotcherera aliyense ali nayo, muveke soketi kumutu kwa kotapini, vayisi ifinye soketiyo mbali ino nati mbali inayo, mumangitse pang'onopang'ono mpaka mumve kuti phwa. Mbali yachiwiri ndinachita choncho ndipo sipanathe mphindi zisanu. Mnyamata wa pa shediyo ndinangomugulira fanta.

Kotapini watsopano akhale wa 9.5 mm, tengani wakale popita kumsika mukayerekeze. Ambiri omwe akugulitsidwa ndi ofewa kwabasi, ndinagula anayi kwa bambo wina amene analumbira kuti ndi orijino, awiri mazinga anatha pomanga koyamba. Gulani ochulukirapo basi, si odula. Mbali yafulati ya m'litali mwa kotapini, osati mutu uja, nthawi zambiri imafuna kupala ndi fayilo kuti ilowe mokwanira, palani pang'ono, yesani, palaninso, ndipo onse awiri apalidwe mofanana. Polowetsa, wina ayang'ane uku wina uko, ndiye kuti kiranki zikagona mopingasa nati imodzi ili m'mwamba ina pansi, apo ayi mapedulo sakhala pa mzere umodzi ndipo mumamva ngati mwendo wina wafupika. Amalowa ndi hamala, paipi ija ili pansi, nati ntchito yake nkungogwira. Mukafuna kumukoka ndi nati mudula mazinga.

Muli pomwepo tsegulani pakatipo. Masulani kapu yakumanzere yokha, yakumanja isiyeni, mazinga ake ndi obwerera mmbuyo ndipo mutha kuitsuka ili pomwepo ndi kansanza ka palafini. Timipira ndi 11 mbali iliyonse, ta 1/4 inchi, ikani tatsopano ndi girisi wambiri. Chofunika kudziwa nchakuti Raleigh inali ndi mazinga akeake, 26 pa inchi, pomwe makapu ambiri a m'mashopu ndi a 24. Amalowa kawiri katatu nkuuma, ndipo makanika wothamanga amangokakamiza ndi sipanala yaikulu, felemu nkutha pomwepo. Musalole zimenezo. Ine kapu ina ndinaipeza pa felemu yakufa kwa mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo, anthu achikulire amenewa amasunga zinthu m'matini awo, afunseni mwaulemu.

Za penti ine ndimati musapente. Tsukani ndi sopo, pakani polishi wa galimoto, timizere tagolide tija ndi zolemba zake zikafufutika sizibweranso. Dzimbiri la pa mahandulo ndi malimu limachoka ndi foyilo yonyowetsa, sandipepa amakanda.

Matayala ndi 28 x 1 1/2, omwewa a kabaza, amapezeka paliponse ngakhale mtengo wake unakwera kwacha itagwa mu November 2023. Onani nambala 635 pambali pa tayala, chifukwa alipo ena olembedwanso 28 koma ndi 622, amenewo salowa. Masipoko othyoka apatseni amakanika, kuwongola limu kumafuna dzanja lozolowera ndipo mabuleki a tizitsulowa sagwira bwino limu ikakhala yokhota. Marabala a buleki sinthani onse anayi, mbali yotseka ya kachitsulo kogwira rabala iyang'ane komwe tayala likupita kuti asamasolotoke.

Chishalo chikakhala chachikopa cha Brooks pakani mafuta a zikopa kunsi ndi pamwamba, oyilo wa injini ayi, ndipo nati yokokera chikopa ili kutsogolo kunsi kwa chishalo ija musaimangitse kwambiri chikopa chouma chimang'ambika. Habu ya magiya musaitsegule, pali kachivundikiro, donthezanimo oyilo wa injini pang'ono, osati wophikira. Ikani giya yachiwiri, sinthani katcheni kakang'ono kotuluka mu akiselo yakumbuyo kaja mpaka phewa la kandodo kamkati lifanane ndi mapeto a akiselo, ikapanda kukhala bwino mapedulo amazungulira pachabe pakati pa giya yachiwiri ndi yachitatu, choncho musapalase mutaimirira musanatsimikize.

Zotsalazo bwezerani poona zithunzi zija. Pedulo yakumanzere imamangira kumanzere. Mahandulo ndi chishalo kwezani mpaka mukhale mowongoka bwino. Mukayenda sabata imodzi ikaninso paipi ija pansi, mugogode kotapini aliyense kumutu kamodzi, mumangenso manati.