Zoyenera Kuchita GPU Ikayamba Kuzima Kapena Kutentha Mutaiwonjezera Liwiro

Kuwonjezera liwiro la khadi ya zithunzi ya kompyuta (GPU), kumene osewera magemu amati overclocking, sikuvuta kuyamba: mutsegula pulogalamu ya MSI Afterburner, mukoka timipiringidzo tiwiri, manambala n'kukwera. Ntchito yeniyeni imayamba khadi ikayamba kuvuta. Ambiri amathamangira kuwonjezera voteji (mphamvu yokankha magetsi), pamene mwina chimene chalephera ndi china. Pali mbali zinayi zimene zingagonje: core (chipu chachikulu cha khadi), memori, magetsi ndi kaziziritsidwe. Iliyonse imagonja mwa njira yake, ndipo mukaphunzira kuwerenga zizindikiro simutaya nthawi n'kulota.

Yambani ndi kubwezera zonse mwakale podina Reset mu Afterburner. Tsegulani HWiNFO, pulogalamu yoonetsa momwe zipangizo za kompyuta zikuyendera, sewerani gemu yolemera kwa ola lathunthu, n'kulemba liwiro la core, mawati ndi madigiri. Gemu ikafa ngakhale khadi ili pa liwiro la kufakitale, overclocking ilibe mlandu. Chotsani dalaivala (pulogalamu yoyendetsa khadi) ndi pulogalamu ya DDU muli mu Safe Mode ya Windows, ikani yatsopano, ndipo zimitsani kaye XMP kapena EXPO (zokwezera liwiro la RAM, memori yaikulu ya kompyuta) mu BIOS, menyu ya poyambira kompyuta, chifukwa RAM yosakhazikika imapha magemu mofanana ndi GPU yosakhazikika. Musayatsenso kabatani koti Afterburner iziika manambala anu Windows ikamadzuka musanawatsimikize, kuopa kuti kompyuta ingamafe isanatseguke n'komwe.

Sikirini ikada kwa kanthawi, n'kubwerera gemu itatsekeka, kawirikawiri ndi core. Windows imadikira GPU masekondi 2. Ikapanda kuyankha, imadzutsanso dalaivala. Mu Event Viewer, momwe Windows imalemba zochitika, mupeza uthenga wa nambala 4101, ndipo pa makadi a NVIDIA umatchula nvlddmkm. Tsitsani core ndi 15 kapena 30 MHz, muyesenso. Pokweza muzichitanso chimodzimodzi, 15 MHz nthawi imodzi, memori musanaikhudze. Mukasintha ziwiri pamodzi simudziwa imene yakugwetsani.

Memori imasonyeza vuto lake pa chithunzi: timadontho tothwanima, timabokosi tobiriwira kapena tofiirira, makoma ndi nkhope zophethira. Koma pano pali msampha. Memori ya GDDR6X, imene ili pa makadi ngati RTX 3080, 3090 ndi 4090, imazindikira yokha deta ikalakwika panjira ndipo imaitumizanso. Chithunzi chimaoneka bwinobwino, gemu siifa, koma nthawi ikuthera pobwereza ntchito. Munthu akhoza kufika +1500 MHz akunyadira, chikhalirecho mafulemu ake (zithunzi pa sekondi) ndi ochepa kuposa amene anali nawo pa +800. Choncho musamaweruze memori ndi maso. Kwezani ndi 100 MHz, yendetsani pulogalamu yoyezera mphamvu ya khadi ngati Unigine Superposition kapena 3DMark Time Spy, lembani zigoli. Pamene zigoli zasiya kukwera kapena zayamba kutsika, bwererani masitepe awiri, muime pomwepo.

Kompyuta yonse ikazima ngati wina wazula pulagi, kapena ikayambiranso yokha popanda uthenga, yang'anani PSU, bokosi lopereka magetsi mu kompyuta. Event Viewer imangolemba Kernel-Power 41, zomwe zimangotanthauza kuti makina anazima mosayembekezereka. Makadi amakono amakoka magetsi modumpha: kwa kachigawo kochepa kwambiri ka sekondi amatha kupitirira kwambiri mawati amene analembedwa pa bokosi, ndipo chitetezo cha mu PSU chimadula magetsi. Kukweza Power Limit, malire a magetsi a khadi mu Afterburner, kumakulitsa vutoli. Kumbukirani kuti siloti ya PCIe, imene khadi imalowamo, imapereka mawati 75 ndipo pulagi iliyonse ya mapini 8 inapangidwira mawati 150. Khadi ya mapulagi awiri kapena atatu ipatseni chingwe chakechake pa pulagi iliyonse kuchokera ku PSU, osati chingwe chimodzi cha mitu iwiri. Ngati khadi yanu ili ndi pulagi ya mapini 16 yotchedwa 12VHPWR, ikankheni mpaka ilowe yonse osasiya mpata, ndipo musapinde chingwe pafupi ndi mutu wake. Mapulagi osalowetsa bwino anasungunuka pa makadi ena a RTX 4090 mu 2022. Kuti mutsimikize kuti ndi PSU, tsitsani Power Limit kufika pa 70 peresenti. Kuzima kukaleka, mwapeza.

Tsopano kutentha, kumene anthu ambiri amawerenga nambala imodzi yokha pamene zilipo zitatu. Pali kutentha kwa GPU kumene Afterburner imaonetsa, pali hotspot imene ndi malo otenthetsetsa pa chipu, ndiye pali kutentha kwa memori pa makadi amene ali ndi sensa yake. Makadi ambiri a NVIDIA anaikiridwa malire a madigiri 83, koma samadikira kufika pamenepo: kutentha kukamakwera, liwiro limatsika pang'onopang'ono ndi masitepe a 15 MHz. Ndiye chifukwa chake khadi yozizira imathamanga kwambiri ngakhale musanaikhudze. Makadi a Radeon, a kampani ya AMD, amalola hotspot kufika madigiri 110, ndipo memori ya GDDR6X imayamba kudzichepetsa liwiro cha pomwepo. Kukhala pafupi ndi malire amenewa tsiku ndi tsiku si nzeru.

Chofunika kwambiri ndi kusiyana kwa hotspot ndi kutentha kwa GPU. Kusiyana kwa madigiri 10 mpaka 20 n'kwabwinobwino. Kukapitirira 25 kapena 30, thermal paste (phala lopaka pakati pa chipu ndi choziziritsira) yauma, kapena yafinyikira m'mbali chifukwa chotentha ndi kuzizira mobwerezabwereza, kapena choziziritsira sichinakhale bwino pa chipu. Kukweza mafani sikuthetsa zimenezi. Musanamasule khadi, yambani ndi zosavuta. Chotsani chitseko cha m'mbali cha kesi (bokosi la kompyuta), musewere gemu yomweyo. Madigiri akatsika ndi 5 kapena kuposerapo, vuto ndi kayendedwe ka mpweya mu kesi. Chotsani pouzira mpweya fumbi la m'zipsepse za heatsink (chitsulo choziziritsira) mutagwira mafani ndi chala kuti asazungulire. Konzani mafani kuti azifika 70 peresenti khadi ikafika madigiri 70.

Mukaganiza zomasula, onani kaye zimene chitsimikizo (waranti) cha khadiyo chikunena. Pukutani paste yakale ndi spiriti ya isopropyl ya 90 peresenti kapena kuposerapo, pakani yatsopano chipu chonse mpaka m'makona, popeza chipu cha GPU chilibe chivundikiro ngati cha CPU. Zomangira zinayi zozungulira chipu muzimange mopingasa, pang'onopang'ono. Chenjerani ndi ma thermal pad, timapadi tochotsa kutentha pa memori: amabwera a 1 mm, 1.5 mm, 2 mm ndi ena, ndipo mukaika okhuthala kuposa oyenera amanyamula heatsink, memori n'kuzizira koma hotspot n'kukwera kuposa kale.

Nthawi zambiri mankhwala abwino a kutentha ndi kuchepetsa voteji. Voteji ikatsika pang'ono, magetsi amatsika kwambiri: kuchoka pa 1.05 V kufika pa 0.90 V pa liwiro lomwelo kumadula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a magetsi amene chipu chimadya. Mu Afterburner dinani Ctrl+F kuti mutsegule girafu ya voteji ndi liwiro, sankhani kadontho ka 900 mV, kakwezeni kufika pa liwiro limene khadi imayendera mu gemu, n'kuwongola timadontho tonse ta kumanja kwake kuti tikhale pa mzere umodzi. Gemu ikafa, tsitsani liwiro ndi 15 MHz kapena sankhani 925 mV. Makadi awiri a mtundu umodzi salolera zofanana, choncho manambala a munthu wina ndi poyambira chabe.

Poyesa kukhazikika musadalire pulogalamu yolemetsa khadi ya FurMark yokha. Imatenthetsa khadi kwambiri, koma imaigunditsa pa malire a magetsi, liwiro n'kutsika, motero manambala apamwamba aja sayesedwa. N'chifukwa chake khadi imatha kupirira FurMark ola lonse n'kukafa pa menyu ya gemu yopepuka, pamene liwiro limadumphira pamwamba penipeni. Yesani ndi pulogalamu ina yoyesera ya OCCT, kenako gemu ya ray tracing (njira yolemera yojambulira kuwala), kenako gemu yopepuka yopanda malire a mafulemu, khadi ili yozizira komanso itatentha kwa maola awiri. Ikapirira zonsezi, chotsanibe 15 kapena 30 MHz pa core, chifukwa nyengo yotentha, fumbi kapena dalaivala yatsopano zimasuntha malire aja.