Makobiri akale a agogo: musawakweche, yambani mwaona chaka

Ngati kwanuko kuli kachitini ka makobiri akale kamene agogo anasiya mu sutikesi, chonde musathamangire phulusa, mchenga kapena sitiliwulo kuti aziwala. Apa ndi pamene anthu ambiri akumaonongera katundu wabwino. Anthu amene amagula ndalama zakale kuti azisunga amazifuna zili ndi kuda kwake komweko, ukangoipala kapena kuinyika m'madzi a mandimu pamatsala timizere tating'ono tomwe iwo amationa msanga ndi galasi, ndiye mtengo umagwa, amangokulipira ya siliva basi. Ngati ili ndi dothi, madzi ofunda ndi kasopo pang'ono, kutsukuluza, kenako kuiyanika pa kansalu kofewa osapukuta mwamphamvu. Pogwira muzigwira m'mbali, osati pankhope pa mfumupo.

Kuno ku Mulanje makobiri amenewa alipo ndithu m'makomomu, chifukwa agogo athu ankalandira malipiro a tchenji ku maesiteti a tiyi, ena anabwera nazo kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela, ena ku Salisbury ndi Bulawayo, enanso za Apwitikizi zinkalowera pa Muloza pompa kuchokera ku Milange. Koma si zonse zoyera zomwe zili siliva ayi, ndiye choyamba khalani pansi muziyale pa mphasa, muzipatule potengera dziko ndi chaka.

Za ku Britain, kaya tiki, sikisi, shilingi, tu shilingi kapena half crown (ya mashilingi awiri ndi sikisi): ikakhala ya 1919 kubwerera m'mbuyo ndi siliva weniweni, magawo 925 pa 1000. Kuyambira 1920 mpaka 1946 anachepetsa, siliva ndi theka lokha. Kuyambira 1947 mulibemo siliva olo pang'ono, ndi kopa wosakaniza ndi nikelo, ngakhale imaoneka yoyera bwinobwino. Za Southern Rhodesia, zomwe zinkayendanso kuno nthawi ya Nyasaland, zinayamba 1932 ndipo mpaka 1942 zinali za siliva wa 925, za 1944 mpaka 1946 ndi theka, kuyambira 1947 mulibe. Muzizindikira mosavuta, shilingi yake ili ndi mbalame ija ya ku Great Zimbabwe, tu shilingi ili ndi mphalapala, sikisi ili ndi nkhwangwa ziwiri zopingasa, tiki ili ndi nsonga zitatu za mikondo. Palinso crown yaikulu (ya mashilingi asanu) ya 1953 ya nkhope ya Cecil Rhodes, imeneyo ndi theka siliva. Za ku South Africa za 1923 mpaka 1950 ndi magawo 800 pa 1000, za 1951 mpaka 1960 theka. Za ku Mozambique yang'anani 20 escudos ya m'ma 1950, ndi ya siliva.

Tsopano nkhani yowawa, imene anthu safuna kuimva. Makobiri a Rhodesia and Nyasaland, a chitaganya aja, olembedwa zaka za 1955 mpaka 1964, omwe ndi amene ali mbwee m'midzimu, amene ankagulira zinthu mu sitolo aja mulibemo siliva. Tu shilingi ya nkhwazi itagwira nsomba, sikisi ya mkango, zonsezo ndi kopa ndi nikelo. Kobiri la bowo la njovu ziwiri lija, limene anthu amanong'onezana kuti azungu akulifuna pa mamiliyoni, anapanga ambirimbiri ndipo kunja amagulitsa motchipa kwambiri. Chimodzimodzi za Malawi za 1964 za nkhope ya Kamuzu, sikisi ya tambala, shilingi ya chimanga, florin (tu shilingi) ya njovu, si siliva. Ine ndimati zisungeni ndithu, ndi mbiri yathu, ana adzaone ndalama yomwe inkayenda Kwacha isanabwere mu 1971, koma musakongole ndalama poyembekezera kuti zikulemeretsani. Za Malawi za siliva zilipo koma ndi zija zachikumbutso zomwe sizinkayenda pamsika, monga K10 ya 1974 yokumbukira zaka khumi za ufulu, ndi K5 ndi K10 za 1978 za mbidzi ndi mphalapala.

Mukapatula, yesani ngati zili zenizeni. Maginito, olo aja a mu sipika yakutha, siliva sagwira maginito ndiye ikamata dziwani kuti ndi feki. Koma samalani, kopa ndi nikelo nayenso samata, ndiye maginito okha sangakuuzeni kuti ndi siliva, chaka ndi chimene chimanena. Kenako sikelo, ija yaing'ono ya dijito yoyeza magalamu, osati ya nandolo ya pa Limbuli. Shilingi ya Britain kapena Southern Rhodesia imalemera magalamu 5.66, tu shilingi 11.31, half crown 14.14, yoperepeseka imachepako pang'ono koma ikasiyana kwambiri pali vuto. Ena amaigwetsa pa simenti kuti amve kulira kwake, zoona siliva amalira nthawi yaitali kuti ngiii, koma musatero, mubudula m'mbali. Ikhazikeni pa nsonga ya chala muigogode pang'ono ndi pensulo.

Mtengo uli pawiri. Woyamba ndi wa siliva amene ali mkatimo, ndipo uwu mutha kuwerengera nokha pa foni: half crown ya 1915 ili ndi siliva pafupifupi magalamu 13, ya 1930 pafupifupi 7, mtengo wa siliva pa intaneti amaulemba pa ounce yomwe ndi magalamu 31.1, ndiye mugawe mtengowo ndi 31.1, muchulukitse ndi magalamu a siliva amene ali mu ndalamayo, musinthe mu Kwacha. Pamenepo ndiye pansi, munthu asakupatseni zochepera kwambiri apo. Wachiwiri ndi wa osunga aja, ndipo umadalira kusowa kwa chakacho ndi mmene ndalamayo yasungikira. Half crown ya 1905 ya Edward VII ndi yosowa, tu shilingi ya Southern Rhodesia ya 1946 ndi yosowa, tiki ya South Africa ya 1931 ndiye yosowa zedi moti zambiri zomwe zimaoneka ndi zosinthidwa nambala. Ndalama ziwiri za chaka chimodzi zitha kusiyana mtengo kutalitali chifukwa ina tsitsi ndi ndevu za mfumu zikuonekabe bwino pomwe inayo nkhope inafufutika. Yobooledwa kuti avale m'khosi, kapena yowotcherera ku mphete, imeneyo yatsala ya siliva basi.

Kuti mudziwe chomwe muli nacho lowani pa Numista, webusaiti ya osunga ndalama zakale, lembani dziko ndi chaka, ikuonetsani chithunzi, kulemera, chitsulo chake ndi kuchuluka kwa zomwe anapanga chaka chimenecho. Pa eBay, msika wa pa intaneti, musatengeke ndi mitengo yomwe anthu akuitanira, aliyense atha kulemba nambala yomwe walota, sankhani pa zomwe zinagulidwa kale ndi pomwe muone mtengo weniweni.

Kasungidwe nako, kuno chinyontho ndi chambiri, chiperoni chikagwa chilichonse chimachita nkhungu. Zichotseni mu chitini cha dzimbiricho, iliyonse muikulunge payokha mu kaenvelopu ka pepala mulembepo chaka, musaike mu pulasitiki yofewa ija chifukwa imasiya zobiriwira zomata, ndipo musamange ndi labala. Zisamakhulane.

Pogulitsa, jambulani mbali zonse ziwiri pa kuwala kwa dzuwa, funsani ogula angapo, ndipo musagulitse chitini chonse pa mtengo umodzi musanaone chaka cha iliyonse, chifukwa mavenda ena amadziwa kuti m'gulumo muli imodzi yabwino. Mukumane poyera masana, kaya pa Chitakale kaya ku Limbe, mutenge m'bale wanu, ndalama yanu isachoke m'manja kuti akaiyeze kwina. Ndipo amene akukuimbirani kapena kukulemberani pa WhatsApp kuti ali ndi bwana wofuna rupiya ya Germany kapena kobiri la bowo pa mamiliyoni, koma muyambe mwatumiza ya mayeso kapena ya thiransipoti pa Airtel Money kapena Mpamba, ameneyo ndi wakuba, mudule foni. Rupiya za German East Africa zenizeni zilipo, za siliva, za nkhope ya Wilhelm II kuyambira 1890 mpaka 1914, zimalemera magalamu 11.66, koma zabodza zake zachuluka kwambiri ndiye imeneyo ikafika m'manja mwanu yambani ndi sikelo.