Levothyroxine: malangizo kwa amene akumwa mapilisi a cithokomilo

Welengani pepalali musanayambe kumwa mankhwala, ndipo mulisunge.

Cithokomilo ndi kaciwalo kamene kali kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo. Cimapanga homoni yochedwa thyroxine, imene imayendetsa liwilo la nchito za thupi. Homoniyi ikacepa, munthu amatopa msanga, amamva kuzizila pamene anzake akutuluka thukuta, khungu limauma, amadzimbidwa ndipo amanenepa. Levothyroxine amalowa m'malo mwa homoni imene yacepayo. Sakonza cithokomilo ayi, n'cifukwa cake anthu ambili amamwa moyo wawo wonse.

Kamwedwe kake

Imwani kamodzi pa tsiku, m'mawa mukangouka, m'mimba mulibe kanthu, ndi madzi okhaokha. Yembekezani mphindi 30 mpaka ola limodzi musanadye kapena kumwa khofi. Mapilisi amakhala a mphamvu zosiyana, monga 25, 50 ndi 100 micrograms, ndipo ndi tating'ono tosavuta kusokoneza. Muziona nambala pa paketi nthawi iliyonse mukalandila atsopano. Okalamba ndi odwala mtima amawayambitsa ndi mlingo wocepa.

Pamene ambili amalakwitsa ndi apa. Mapilisi owonjezela magazi, a calcium, ndi mankhwala a cilungulila amagwila levothyroxine m'matumbo, osalowa bwino m'magazi. Munthu amamwa mokhulupilika tsiku ndi tsiku, koma kutopa osatha. Siyanitsani ndi maola 4: levothyroxine m'mawa, enawo masana kapena madzulo. Amayi apakati asamale kwambili, cifukwa ndiwo amapatsidwa mapilisi owonjezela magazi. Mukadziwa kuti muli ndi pakati musaleke kumwa. Uzani adokotala mwamsanga, popeza nthawi zambili mlingo umafunika kukwezedwa kuti mwana akule bwino.

Mukaiwala, imwani pamene mwakumbukila. Ngati nthawi ya pilisi lotsatila yayandikila, lekani loiwalikalo. Musamwe awili pofuna kubwezela.

Kusintha sikubwela tsiku limodzi, kumatenga milungu. Pakapita milungu 6 mpaka 8 kucokela pamene munayamba kumwa kapena pamene adokotala anasintha mlingo, mukapimitse magazi kuti aone TSH, homoni imene imauza cithokomilo kuti cigwile nchito. Zotsatila zake ndizo zimauza adokotala ngati mlingo wakwana. Musadziwonjezele nokha.

Mlingo ukaculuka, mtima umagunda mothamanga, manja amanjenjemela, thukuta limaculuka, tulo sitibwela, ndipo thupi limatsika. Uzani adokotala. Mukamva kupweteka pacifuwa, kapena nkhope ndi milomo zikatupa n'kumavutika kupuma, pitani kucipatala nthawi yomweyo.

Ngati mumamwa mankhwala a shuga kapena warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana), kapena muli ndi matenda a ma adrenal gland (tiziwalo timene tili pamwamba pa impso), uzani adokotala musanayambe. Levothyroxine si mankhwala ocepetsela thupi, ndipo kugawila mnzanu amene cithokomilo cake cili bwino kungamuwononge mtima.

Sungani m'paketi yake, pouma, posafika dzuwa, posatentha kupitilila madigili 25, ndiponso patali ndi ana.