Kukazonda wodwala khansa: musaime pakhomo

Mayi anga aang'ono atawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero, anthu a kwathu ku Makawa anayamba kuwalonjera ali chiimire panja. Mbale yawo inapatulidwa, kapu nayonso. Kudooko ankanong'onezana kuti analodzedwa, ena amvekere ndi matenda a akazi oyendayenda. Ndinawadwazika chaka chathunthu, ndipo kusalidwa kumeneku kunkawaliza kuposa ululu.

Mukapita kukazonda, lowani, khalani pamphasa pomwepo, agwireni dzanja. Khansa sipatsirana pa moni, pa mbale kapena pa chitenje. Nsima ikapsa idyani nawo mbale imodzi. Tsiku limene mlamu wanga anatapa usipa m'mbale mwawo, mayi anamaliza mtanda wonse.

Wina akayamba zoti anali oyendayenda, muyankheni pomwepo, musadikire achoke. Khansa imeneyi imayamba ndi kachirombo ka HPV, kofala kwambiri, kamene mkazi angatenge ngakhale kwa mwamuna wake mmodzi yemweyo. N'chifukwa chake boma linayamba kupereka katemera wake kwa atsikana a zaka 9 mu 2019.

Chovuta ndi nkhani ya imfa. Usiku wina anandifunsa kuti, "Mwanawe, kodi ndifa?" Ndinathamangira kunena kuti, "Musatero mayi, muchira." Anatembenukira kukhoma. Ndinalakwa. Patapita masiku ndinawafunsa chimene chikuwaopsa, ndipo sichinali manda ayi. Ankaopa kuti mwana wawo wotsiriza asiya sukulu, komanso kuti adzafa akubuula. Zonsezi zinali ndi pogwira: atsibweni analonjeza fizi pamaso pawo, ndipo kuchipatala tinalandira mofini wamadzi, mankhwala amphamvu oletsa ululu. Choncho funsani, kenako khalani chete, amalize okha. Akafuna dua kapena pemphero, itanani shehe kapena abusa awo, osati anu.

Mofiniyo musamuope. Ambiri amati akakupatsa ndiye kuti akutaya, koma akamwedwa pa mlingo ndi nthawi imene achipatala anena, amangoletsa ululu, munthu n'kugona tulo.

Fungo likakhalapo, musagwire mphuno. Tsegulani zenera, chapani nsalu ndi sopo, yanikani padzuwa, ndipo auzeni anamwino chifukwa mankhwala ochepetsa fungolo alipo.

Potuluka musanene kuti "tidzabweranso" basi. Tchulani tsiku, ndipo pobwera mudzawatungire madzi. Inu amayi, podutsa pa boma lowani pachipatala akuyezeni khomo la chiberekero. Amapaka viniga n'kuyang'ana, ndipo akapeza zizindikiro zake zisanakule, amathana nazo.